Chovala Chimene Ndinasokera Seva

Mawu akuti seva ndinayamba kuwamvera kwa Mma, mwini wake wa shopu imene ndinkagwirako ntchito ku Gaborone, ndipo nawonso anali atangowamva dzulo lake. Tonse tinkangowaitana kuti Mma, monga aitanira mayi aliyense waulemu wake kumeneko. Anali Mtswana, wamasiye, wamtali, wosakonda kunena chinthu kawiri. Shopu yawo inkasoka mayunifolomu a sukulu ndi maovolosi a makampani ang'onoang'ono. Inali chipinda chimodzi chachitali chofolera ndi malata, kuseri kwa malo omatira matayala, ndipo munali makina osokera asanu ndi awiri, tebulo lodulira nsalu, ndi makina amodzi aakulu osoka mabaji, amene ankamvera kompyuta.

Ine ndine telala. Ntchito ndinaiphunzirira pakhonde la sitolo ku Ntcheu, pa makina opalasa ndi mapazi, ndipo ku Botswana ndinapita ndi sizasi yanga ndi Baibulo basi. Mma ataona kuti sinditopa ndi ntchito yofuna kudekha, anandiika pa makina a mabaji. Baji siisokeka yokha. Umayamba waijambula mu kompyuta, n'kuwauza makinawo pobaya paliponse, ulusi wa mtundu wanji, uyambire pati, uthere pati. Baji imodzi ya sukulu, ya nyali ndi buku ndi timalemba tozungulira, inkanditengera masiku awiri kapena atatu. Pa zaka zisanu ndinali nditajambula mabaji ochuluka moti ena ndinali nditawaiwala. Chuma cha shopu chinali chimenecho. Malaya aliyense akhoza kusoka, koma sukulu inkabwerera kwa ife chaka ndi chaka chifukwa baji yake inali kwa ife.

Vuto linali kasungidwe. Mabaji ena anali mu kompyuta ya Mma, ena mu yanga, ena mu yachitatu yokalamba imene inkayaka ikafuna, ndipo ena anali pa timadisiki tapulasitiki m'chitini cha mabisiketi. Tsiku lina ndinatenga baji yakale ya sukulu ina, osakumbukira kuti yatsopano, imene anasintha mawu apansi, ili mu kompyuta ina. Tinasoka mulu wonse wa malaya, mulu wonsewo n'kubwezedwa. Sabata yomweyo fulashi ya kasitomala inatibweretsera vayirasi. Mlamu wawo wa Mma, amene ankagwira ntchito mu ofesi yaikulu mtauni, ndiye anawauza kuti mankhwala ake ndi seva: kompyuta imodzi yosunga zonse, kuti enawo azikatungako ngati pachitsime.

Tikuweruka madzulo ena, Mma anandiuza kuti nditsale. Ankanditchula Rra, ulemu wa abambo kumeneko.

"Rra, pemiti yanu yogwirira ntchito ikutha Malichi."

"Ee, Mma."

"Ku ofesi ya mapemiti akufunsa chifukwa chake ndikusunga mlendo pamene Atswana odziwa kusoka ali mbwee. Ulendo watha ndinalemba za makina a mabaji, anavomera monyinyirika. Ulendo uno ndikufuna ndikalembe kuti makompyuta onse muno ali m'manja mwanu." Anatulutsa envulopu m'chikwama. "Izi ndinkasungira makina a mabatani. Zina ndilibe. Mukasankhe seva."

Ndinailandira ndi manja awiri. Tinkakhala m'chipinda cha lendi ku Mogoditshane, ine, mayi a kunyumba ndi ana athu aakazi awiri. Wamkulu anali mu sitandade sikisi ndipo ankakhoza bwino kwambiri, moti aphunzitsi ake anandiimitsapo pamsewu kuti andiuze zimenezo. Onse awiri ukawafunsa m'Chichewa ankayankha m'Chitswana. Kwathu kunalibe chotidikira, munda wa mayi anga unali utagawidwa kale kwa alongo anga. Pemiti ija ikanapanda kutuluka, tonse anayi tikanakwera basi. Zimenezi ndi zimene ndinanyamula m'thumba la jekete pamodzi ndi envulopu.

Loweruka ndinakwera kombi kukazungulira m'masitolo a makompyuta. Ndinalowa atatu. M'sitolo yoyamba anandiyang'ana nsapato kaye asanandiyankhe. M'yachiwiri anandipatsa pepala la mitengo, ndinaliwerenga nditatuluka panja, n'kulipinda bwinobwino. M'yachitatu munali bambo wina wa tsitsi la imvi amene anandipatsa mpando.

"Ogwiritsa ntchito ndi angati?" anandifunsa.

"Atatu."

"Makumi atatu?"

"Atatu, Rra. Ine, Mma, ndi amene angakhale pa kompyuta yokalamba."

Anaseka, koma osati monyoza. Anatenga pepala n'kundijambulira. Anati seva yabwino imakhala ndi madisiki awiri m'kati, chimene chalembedwa pa ina chimalembedwanso pa inzake, kuti ina ikafa ntchito isaime. Pamafunikanso bokosi la batire loigwiriza magetsi akazima mwadzidzidzi. Chachitatu, chimene anachizungulizira mzere kawiri, chinali disiki ina yapadera yokoperako zonse Lachisanu lililonse, n'kupita nayo kunyumba. Nditamuuza ndalama zimene ndinali nazo, anafufuta zinthu papepala lija chimodzichimodzi. Chimene chinatsala chinali seva yaing'ono yatsopano ya disiki imodzi, ndi pepala lolonjeza kuti ikawonongeka chaka chisanathe adzaikonza ulere. Batire panalibe, disiki yapadera panalibe.

"Yambirani pamenepa," anatero. "Zinazo muzidzawonjezera."

Ndinatuluka nditakhumudwa. Ndinkadziwa kuti kuwonjezera sikudzachitika. Envulopu ya Mma inalibe mng'ono wake.

Lamulungu titatuluka m'tchalitchi ndinamufotokozera m'bale wina wa mumpingo wathu. Anabadwira ku Zimbabwe, makolo ake anali a ku Dedza amene anapita kumigodi kalekale, ndipo Chichewa chake chinali chothira Chishona. Ankakonza makompyuta m'galaja ina ku Tlokweng. Anali munthu wopemphera, woimba besi mu kwaya, ndipo mpaka lero sindimunenera choipa.

"Mukoma, bwanji simunayambire kwa ine?" anatero, mukoma kutanthauza achimwene m'Chishona. "Ndili nayo seva yeniyeni. Osati tizidole ta m'sitolo."

Ndinapita kukaiona Lolemba masana. Inali pansi pa tebulo lake, yotuwa, yaitali kundifika m'bondo, yolemera ngati thumba la simenti. Anati inachokera mu ofesi ina imene inasamuka, ndipo anandionetsa kalata yake kuti ndisaganize zina. Anatsegula kutsogolo n'kusolola madisiki awiri ngati madilowa.

"Awiri, mukuona? Ina ikafa, inzake ikuyenda. Iyi inkasunga ntchito ya ofesi yathunthu. Mabaji anuwo ikawamva ngati udzudzu pamsana pa ng'ombe."

"Ndi yakale bwanji?"

"Yakale ngati inu ndi ine. Tikugwirabe ntchito, si choncho?"

Mtengo wake unali wochepera pang'ono pa ndalama za mu envulopu.

Mayi a kunyumba ankagwira ntchito yochapa ndi kusita m'nyumba ina ku Block 9. Za makompyuta sankazidziwa, koma nditawafotokozera madzulo, maganizo awo ananena asanavule n'komwe nsapato.

"Mugule yatsopano ya pepala."

"Ili ndi disiki imodzi yokha."

"Kaya disiki n'chiyani, ine sindidziwa. Koma ndalama ndi za eni. Chinthu cha eni umagula cha pepala, kuti chikafa ukaloze pepala, asaloze iwe."

"M'bale uja ndi wa mumpingo."

"Amene anatigulitsa firiji ija analinso wa mumpingo. Panopa tikusungiramo nsapato."

Ana anaseka, inenso ndinaseka, koma mawu awo sindinawatenge. Ndinkaona ngati akulankhula za thupi pamene ine ndikufuna za mzimu. Malemba amatiphunzitsa kuti wofuna kumanga ayambe wakhala pansi n'kuwerengera, ndipo ine ndinkati ndawerengera: awiri aposa mmodzi. Amatiphunzitsanso kuchitira zabwino a m'banja la chikhulupiriro, ndipo m'bale uja ankadyetsa makolo okalamba kudziko kumene m'masitolo munalibe kanthu. Komanso ndinkaopa kufanana ndi kapolo uja amene anakwirira ndalama ya mbuye wake chifukwa cha mantha. Ndinasala kudya masiku atatu. Tsiku lachitatu m'mawa ndinagwada n'kupempha chizindikiro. Ndinati, Ambuye, ngati ili ndiyo, m'baleyo atsitse mtengo ine osamupempha.

Nditafika ku Tlokweng ndinangoima chete pafupi ndi seva ija. Anandiyang'ana, milomo yanga itauma ndi njala, n'kunena kuti, "Zvakanaka, chabwino, mukoma, ndichotsako pang'ono." Maso anga anadzaza misozi. Lero ndikudziwa kuti wogulitsa aliyense amatsitsa mtengo akaona munthu waima chete. Tsiku limenelo sindinaganize zimenezo.

Ndalama zimene zinatsala zinkakwana kugula chinthu chimodzi, bokosi la batire kapena disiki yapadera ija. Nthawi imeneyo magetsi anali atayamba kuzimazima. Ndinafunsa m'baleyo, iye anati, "Madisiki muli nawo kale awiri. Yachitatu ya chiyani?" Ndinagula batire.

Anabwera kudzaiika mwezi wa Ogasiti, mphepo ya fumbi ili pakati. Tinaiika pakona, pafupi ndi tebulo la Mma. Itayaka inalira ngati chigayo chakutali, moti mayi wina wa pa makina a ovaloko opendera nsalu, amene ankakonda kunditcha Moruti, kutanthauza m'busa, chifukwa chopempherera chakudya mokweza, anatseka makutu.

"Moruti, mwatigulira ndege? Inyamuka nthawi yanji?"

"Ikanyamuka mukhala kutsogolo, Mma," ndinamuyankha.

M'bale uja asanapite anandisiyira malamulo atatu, akuwerenga pa zala. Isazimitsidwe, usana ndi usiku, chifukwa madisiki akale akazizira nthawi zina sadzukanso. Asaigwire wina aliyense koma ine. Ndipo fumbi lisailowe. "Fumbi ndiye mdani wake," anatero.

Munthu amene sanakhalepo m'shopu yosoka sadziwa fumbi lake. Si la pamsewu lokha. Nsalu iliyonse ikadulidwa imatulutsa ubweya wosaoneka, umene umayandama tsiku lonse n'kutera usiku. Sabata isanathe, timabowo ta kutsogolo kwa seva tinali titamera ndevu zotuwa. Ndinazipukuta, mawa lake zinabwerera.

Telala aliyense amadziwa chochita ndi fumbi. Chinthu choyamba chimene mphunzitsi wanga anandisoketsa ku Ntcheu, ndisanakhudze malaya a munthu, chinali chophimba cha makina ake. Makina osavundikira usiku ndi manyazi a mwini wake. M'shopu ya Mma makina aliwonse anali ndi chovala chake, ndipo nthawi yoweruka ikakwana aliyense ankapukuta ake, kudontheza mafuta, n'kuwaveka. Choncho Loweruka masana anzanga atapita, ndinatenga tepi n'kuiyeza seva ija monga ndiyezera munthu, msinkhu, mapewa, mimba. Ndinasankha nsalu yolimba ya maovolosi, yabuluu, n'kuika ina yofewa m'kati kuti isakale utoto. M'mbali ndinapendera ndi yofiira. Kumbuyo ndinasiya kabowo kotulukira mawaya, n'kukasoka bwinobwino ngati bowo la batani, kothina, kuti fumbi lisapeze polowera. Sindinasokepo chinthu mosamala chotero, ngakhale suti ya ukwati.

Lolemba onse anachiyamikira. Mma anachisisita n'kunena kuti, "Tsopano yakhala ya muno." Mayi wa ovaloko anati ndiisokerenso tayi. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaona cholakwika, chifukwa tonse tinali anthu a ntchito imodzi. Kuyambira tsiku limenelo, madzulo aliwonse ndinkaiveka ili chiyakire, ine kukhala womaliza kutuluka, ndipo ndinkaika dzanja pamwamba pake n'kunena kuti, Ambuye, sungani. Chovalacho chinkachepetsanso phokoso. M'mawa ndikachivula, chitsulo chinkatentha ngati mbatata yootcha. Ndinkati ndi mmene zimakhalira ndi chinthu chogwira ntchito usiku wonse. Ndipo ku Gaborone miyezi imeneyo chilichonse chimatentha, ngakhale chogwirira cha chitseko.

Ndinasamutsira mabaji onse mu seva, sukulu iliyonse malo ake, kampani iliyonse malo ake. Kenako ndinachita chimene ndinkaona kuti ndi ukhondo. Makompyuta atatu aja ndinawafufuta onse kuti vayirasi ithe, timadisiki ta m'chitini natonso ndinatifufuta kamodzikamodzi. Sindinafune kuti baji yakale idzatipusitsenso. Zonse zinakhala pamalo amodzi, monga Mma anafunira.

Miyezi itatu inayenda bwino. Kasitomala akatchula sukulu, ndinkaitulutsa baji asanamalize kukhala pansi. Mma anayamba kundituma kukalankhula ndi akuluakulu a masukulu. Lamulungu lina ndinaima kutsogolo n'kupereka umboni, ndinanena za kusala kudya ndi za chizindikiro, anthu anaomba m'manja, m'bale uja ali mu kwaya akumwetulira.

Chakumapeto kwa Novembala, m'mawa wina nditavula chovala chija, ndinaona kuti pa timagetsi tiwiri tobiriwira ta kutsogolo, kamodzi kasanduka kachikasu. Seva inkagwirabe ntchito. Ndinaimbira m'bale uja, foni sinkalowa. Kutchalitchi anandiuza kuti wapita ku Zimbabwe ndi ufa ndi mafuta kwa makolo ake, abwera chaka chikatha. Ndinapita kwa bambo wa imvi uja. Anamvetsera, n'kunena kuti mwina disiki imodzi yafa, ndiisinthe msanga, koma ya mtundu wakale choncho ayenera kuitanitsa kunja, ndipo anatchula mtengo. Za chovala sindinamuuze. Sikuti ndinkabisa. Sindinaone kuti ndi nkhani.

Chimene ndinabisa ndi kagetsi kaja. Mma sindinawauze. Ndinaopa kuti adzati miyezi itatu yokha, chinthu chayamba kale kufuna ndalama, ndipo Malichi anali pafupi. Ndinadziuza kuti n'chifukwa chake tinagula ya madisiki awiri, inayo itifikitsa Januwale. Ndinaitembenuzira seva pang'ono kukhoma kuti kagetsiko kasaonekere ku tebulo lawo. Tchimo limeneli ndalivomereza pamaso pa Mulungu nthawi zambiri. Lija la chovala sindidziwa kuti ndilivomereze bwanji.

Pakati pa Disembala shopu inkatsekedwa milungu itatu. Gaborone amakhuthuka nthawi imeneyo, aliyense amapita kumudzi kwawo. Tsiku lotseka tinasesa, tinathira mafuta makina onse, tinawaveka. Ndinaima pa seva nthawi yaitali ndikuganiza ngati ndiizimitse. Ndinakumbukira mawu aja akuti ikazizira mwina siidzukanso, ndipo disiki inali itatsala imodzi. Ndinasankha kumvera. Ndinaiveka chovala chake ili chiyakire, ndipo poti milungu itatu panalibe wosesa, ndinapinda mpendero n'kuulowetsa pansi pake mbali zonse, monga umafunditsira mwana. Tinatseka mawindo onse. Mvula inachedwa chaka chimenecho, dzuwa linkaswa mtengo, malata ankachita kulira masana.

Titatsegula mu Januwale, chimene chinatilandira ndi fungo, ngati simbi yoiwalidwa pa nayiloni. Ndinavula chovala chija. Mafani ake ankazungulirabe, koma m'kati munkamveka kugogoda, kho, kho, kho, ndipo kobiriwira panalibe ndi kamodzi komwe. Makompyuta onse atatu ankati sakuipeza seva.

M'bale uja anafika patatha masiku anayi, ataonda. Anagwada, kutsegula, kusolola madisiki, kuwanunkhiza. Kenako maso ake anagwera pa nsalu yabuluu imene ndinali nditaipinda pampando.

"Mukoma, ichi n'chiyani?"

"Chovala chake. Cha fumbi."

Anachitambasula, kuona nsalu yam'kati, kuona kabowo ka mawaya. Anayamba kuseka, koma ataona nkhope yanga analeka.

"Mumaiveka ikuyaka?"

"Munati isazime. Munatinso fumbi lisalowe."

"Masiku angati?"

"Usiku uliwonse. Ndi milungu itatu yapitayi."

Anakhala pansi pa simenti. "Mukoma, chinthu ichi chimapuma. Chimakoka mpweya kutsogolo, kuutulutsa kumbuyo. Inu mwachitseka mphuno ndi pakamwa." Anagwira mutu. "Ndikanakuuzani. Sindinaganize kuti munthu angaganize zoiveka."

Anayesa masiku awiri ku galaja kwake, osaphula kanthu. Madisiki awiri aja anali m'bokosi limodzi, ndipo anapsa ndi moto umodzi. Anati ku Joni kuli anthu amene amatsegula madisiki akufa, koma mtengo wake unali woposa seva yatsopano, ndiponso salonjeza. Anafuna kundibwezera ndalama zina, ndinakana. Iye sanalakwe.

Januwale ndiye mwezi wokolola kwa osoka mayunifolomu. Malaya anali okonzeka m'mashelefu, oyera, opanda baji. Makolo ankaima pakhomo ndi ana awo. Masukulu ankaimba foni. Ndinayamba kubwereka malaya akale kwa makolo omwewo, kuwaika pansi pa galasi lokuzira zinthu, n'kumajambulanso baji kuchokera pa ulusi wothetheka. Ndinkafika mbandakucha. Ngakhale ndinathamanga bwanji, baji imodzi inkadyabe masiku awiri. Mwezi umenewo ndinamaliza khumi ndi imodzi. Masukulu enawo sakanadikira, anapita ku kampani ina yaikulu, ndipo sukulu ikasamutsa baji yake siibwerera.

Kumayambiriro kwa Febuluwale Mma anachotsa ntchito amayi awiri, mmodzi wa iwo anali wa ovaloko uja. Ponyamula chikwama chake anadutsa pa tebulo langa. Ndinkayembekeza kuti andinyoza, ndipo zikanandipepukira. Anangoti, "Sala sentle, Rra," kutanthauza kuti tsalani bwino, n'kutuluka. Anali ndi ana atatu ndipo bambo panalibe.

Sabata yotsatira Mma anandiitana. Mafomu a pemiti anali patebulo, osalembedwa.

"Mnzanu uja akuti disiki imodzi inafa kale Khirisimasi isanafike. Munkadziwa?"

Ndikanatha kukana. Ndinati, "Ndinkadziwa, Mma."

Anayang'ana mashelefu a malaya.

"Nsalu ija nanenso ndinaiyamikira," anatero. "Imeneyo sindikuwerengerani. Koma mukanandiuza za kagetsi, ndikanagulitsa makina amodzi." Anasuntha mafomu aja ndi chala. "Ndachotsa Atswana awiri. Ndikalowa bwanji mu ofesi muja kukapemphera mlendo? Ndikati mumasunga chiyani?"

Sanakweze mawu, sananditukwane. Anati ndigwire mpaka tsiku lomaliza la pemiti, ndipo adzandilipira mwezi wathunthu. Ndinati ke a leboga, kutanthauza kuti zikomo.

Ndinayesa mashopu ena. Kulikonse ankafuna telala, koma palibe amene ankafuna kulimbana ndi mapepala a mlendo. Abale ena a kutchalitchi anati ndingokhala, ambiri akukhala opanda mapepala, kusoka m'chipinda chitseko chotseka. Ndinaganizira. Koma ndinali nditaona anthu akukwezedwa m'galimoto ya apolisi pa siteshoni ya makombi, ana awo ali kusukulu osadziwa kanthu. Ndinali nditabisa kale chinthu chimodzi, ndipo ndinaona zipatso zake. Ndinasalanso kudya masiku atatu, koma ulendo uno sindinapemphe chizindikiro. Ndinaopa kuti ndichipezanso.

Mayi a kunyumba sananene kuti ndinakuuzani. Anangoyamba kufunsa mtengo wa zikwama zazikulu zamizeremizere zija. Ana tinawauza Lamulungu masana. Wamng'ono anafunsa ngati kumudzi kuli ayisikilimu. Wamkulu anafunsa m'Chitswana kuti tibwerako liti, poti mayeso ake aakulu anali chaka chomwecho. Ndinamuyankha m'Chichewa kuti Mulungu akalola. Anandiyang'ana, n'kupita kukakhala panja.

Tinafika ku Ntcheu mvula ikutha, n'kukafikira kwawo kwa mayi a kunyumba, m'nyumba ya mchemwali wawo. Kusukulu ya kumudzi anamuyesa wamkulu uja kuwerenga Chichewa, analephera, anamubweza makalasi awiri. Anzake ankamuseka kalankhulidwe. Mwana amene ankathamangira kusukulu anayamba kudwala mutu m'mawa uliwonse. Anapirira zaka ziwiri, n'kusiya. Anakwatiwa asanakwanitse zaka zimene ine ndinkafuna, ndi mnyamata wogulitsa mbatata ya kachewere pamsewu, ndipo panopa ali ndi ana ake.

Ine ndinabwerera pakhonde, pa makina opalasa obwereka, kuika zigamba ndi kufupikitsa masiketi a kaunjika. Ndimapempherabe m'mawa uliwonse. Ndikudziwa kuti Iye amapereka ndipo amatenga, ndipo sindimuimba mlandu. Chimene sindinachimvetse mpaka lero n'chakuti ndinamvera malamulo onse amene ndinapatsidwa, ndinachita ndi manja anga chinthu chabwino koposa chimene ndinkadziwa kuchita, ndipo madzulo aliwonse ndinkaika dzanja pamenepo n'kutchula dzina Lake. Sanandinong'oneze ngakhale kamodzi kuti vula. Mwina ananena kudzera m'kutentha kwa chitsulo chija, ine osamva. Ndafunsa abusa awiri, onse anandiuza za kuyesedwa kwa olungama, koma ine sindinali wolungama pa nkhani imeneyi, ndipo amene analipira kwambiri si ine.

Mwana wanga wamkulu amabwera nthawi zina kudzasoketsa mayunifolomu a ana ake. Amakhala pa benchi, ine ndikupalasa, timakamba za mitengo ya feteleza ndi za matenda a apongozi ake. Chitswana anaiwala. Sanandifunsepo chimene tinachokera ku Gaborone. Amayi ake ndi amene anamuuza, ndipo sindidziwa kuti anamuuza zotani.